Tsiku Limene Kasupe Anayera

Lamya yochokera ku Boma inafika pa sitesheni ya Luchenza Lolemba m'mawa, ndipo mawu ake anali ochepa: munthu wafera m'madzi pa esiteti ya tiyi ya mzungu wotchedwa Kamwendo, Kopolo Peterson Namaona apite akaone ndi kulemba lipoti. Peterson anali atakhala pa sitesheniyo masiku anayi akulondera katundu wa Boma, motero wapolisi wapafupi anali iyeyo. Munali m'mwezi wa Febuluwale, chaka cha 1932, dzinja lili pakati. Anakulunga kabuku ndi unyolo m'nsalu, nauyamba wapansi.

Atayenda ola limodzi ndi theka anafika pamtsinje wa m'malire a esiteti, napeza ulalo palibe. Mitengo yake inali itakodwa m'bango kumunsi. Anthu oposa khumi anali khale pagombe, ena akuotcha chimanga, ndipo chapambali panali ngolo yopanda katundu, ng'ombe zake zikudya msipu.

"Unapita liti ulalowu?" Peterson anafunsa bambo wina amene ankaumitsa malaya pamoto.

"Loweruka, mvula itangoyamba kumtunda. Ife tinafika dzulo m'mawa, madzi ali m'khosi mwa mtengo uwo. Chichokereni ulalo sipanawoloke munthu, angakhale galu."

Madzi anali atayamba kuphwa. Peterson anavula, nasenza zovala pamutu, nadula nsungwi yoyesera pansi. Pakati pamtsinje madzi anamufika m'khwapa, koma anatulukira tsidya. Anthu aja anangomuyang'ana, palibe anamutsatira.

Pa esiteti anamulandira ndi Anderson Mlanga, kapitawo wamkulu, munthu wojintcha wovala jekete ya kaki ndi wezulo m'khosi. Anawerama mwaulemu, koma dzanja sanapereke. Manja onse awiri anali m'matumba a jekete.

"Takulandirani, a Kopolo. Msewu wa ku Boma uli bwanji? Matope?"

"Matope ali paliponse," Peterson anatero. Sanaone chifukwa chomuuzira kumene wachokera.

Anakwera naye kuseri kwa minda ya tiyi mpaka pa nkhuti, dzenje lalikulu limene anthu anakhala akukumbamo miyala yothira mumsewu wa magalimoto. Linali lotambalala ngati bwalo la gule, ndipo tsopano linali lodzaza madzi ofiira, ali phee.

"Malemu ndi Lackson Muhiwa, kapitawo wa ngalande," Anderson anayamba. "Nkhani yake ndi yachidule, simuchedwa nayo. Nkhutiyi ili ndi ngalande yotulutsa madzi, apo pali nsenjerepo. Mvula ya Loweruka inabwera ndi zinyalala, ngalande inatsekeka, madzi anakwera. Iye poti ndi ntchito yake anabwera kudzatsekula, anaterereka, basi. Akisidenti. Bwana nawonso atero."

"Masiku onse madzi amafika pati?"

"M'mawondo." Anderson anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Komabe, ine sindineneza munthu, koma pali mkulu wina kumunsiku, Elson. Sabata yatha anatukwanizana ndi malemu anthu akuona, nkhani ya dimba. Anthu awa muwadziwa mitima yawo."

Peterson analemba. Pa ntchito yake anali ataphunzira kuti munthu wosadziwa kanthu amakupatsa nkhani imodzi, kapena osakupatsa n'komwe. Uyu anali atapereka ziwiri asanapemphedwe.

"Inu munali kuti Loweruka?"

"Ku Luchenza. Ndinanyamuka masana ndi ngolo ya mabokosi a tiyi, ndinagona kwa mlamu wanga. Ngolo ndinaisiya m'mbuyo chifukwa cha matope. Ndabwera dzulo masana wapansi, mvula itangokata, ndi kupeza anthu akufufuza m'madzimu ndi nsungwi. Ndinathandiza nawo kumuvuula."

"Munadzera njira iti?"

"Yachidule, ya pa ulalo."

Peterson analemba mawu amenewo pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Linali bodza, koma bodza lokha silipha munthu. Mwamuna akhoza kunama za kumene anagona chifukwa cha mkazi wa mwini. Anatseka kabuku napempha kuti amulondolere kusiwa.

Mtembo unali pamphasa m'kanyumba kaudzu ku malayini, kumene ankakhala antchito. Amayi amene ankalira anangoti zii ataona chisoti cha polisi. Peterson anagwada, navundukula nsalu. Pa nkhondo ya Ajeremani anali mtengatenga, ndipo anaona anthu ambiri okokoloka ndi mitsinje. Munthu womira amalimbana, amagwira chilichonse, zala zimanyuka. Zikhatho za Lackson zinali zosalala bwinobwino, zopanda ndi kokanda komwe. Koma kunkhongo kunali bala limodzi, lozungulira, lolowa m'kati ngati pamene pagunda msana wa khasu.

Mkazi wa malemu, Esnat, anali tsonga pakona, mwana wake wamkazi, Rhoda, atatsamira pamwendo pake. Mafunso atatu oyamba anangoyankha kuti, "Sindidziwa, bwana." Peterson anavula chisoti, nakhala pansi, nayamba kulankhula Chilomwe cha amayi ake. Esnat anadzutsa maso koyamba.

"Abambo a Rhoda sankamwa," anatero motsitsa. "Ngati akuuzani kuti anamwa, akunama."

"Sanandiuze zimenezo. Loweruka anabwera nthawi yanji?"

"Anzawo anaweruka masana. Iwo anatsalira, amati akukumba maenje oyesera dothi mmene mudzadutse ngalande yatsopano. Anafika dzuwa litapendeka. Chakudya sanachikhudze. Anasamba m'manja katatu."

"Ananena chiyani?"

Esnat anayang'ana kukhomo, kumene mthunzi wa Anderson unali kuyendayenda pabwalo. Anasendera pafupi.

"Anandifunsa kuti a Jonas anathawa mwezi uti."

"Jonas ndani?"

"Amuna a Teleza. Ankakumba miyala. Anathawira kwa Apwitikizi chaka chatha, chimanga chili m'mawondo. Ndinawauza choncho. Kenaka anatenga fosholo. Amati, mitambo iyi ndi ya mvula, ndikakwirire dzenje lija, mawa ndikaonane ndi akulu a mpingo."

"Mvula inali itayamba?"

"Ayi, kunali kukadawala. Ndinati, dzenje lingadikire Lolemba. Iwo amvekere, ayi, agalu angafukule."

Peterson anamuyang'ana. "Agalu afukule chiyani m'dzenje loyesera dothi?"

"Ndi zimene ndakhala ndikudzifunsa masiku awiri," Esnat anatero. "Fosholo sinabwerere."

Peterson anamupeza Teleza pakasupe, kumunsi kwa nkhuti, akutsuka mtsuko ndi mchenga. Anali mayi wamtali, wouma thupi, wa maso osaopa. Sanadikire kufunsidwa kawiri.

"Mwabwera kudzalemba kuti anaterereka? Lembani. Ifenso tinalemba m'mitima mwathu zathu."

"Zanu ndi ziti, mayi?"

"Munthu amene ankayenda pakhoma la nkhuti ija ngati mbuzi, aterereke lero? Onani kuno." Analoza kakhwawa kouma kamene kankatsika phiri ndi kudzathera pamwamba penipeni pa kasupe. "Iyo ndiyo ngalande yakale. Anaikumba mothamanga, osaganiza kuti pansi pano pamamwa anthu. Mvula ikangogwa, matope onse a m'nkhuti amadzathira muno, madzi amachita kufiira ngati thobwa la mawere. Chaka chatha kamwazi anatitengera ana atatu ku malayini. A Lackson ndi amene anapita kwa mzungu, chisoti kumanja, kukapempha kuti ngalande ipatuke, ikathire kumtsinje, kasupeyu amumangire miyala. Anachita kujambula pansi ndi chala mpaka mzungu anavomera. Amati miyala ikatha, nkhuti idzakwiriridwa, dothi lakuda limene anaunjika pambali lidzabwerera pamwamba, mbali ina nazale ya tiyi, mbali ina ife tidzalime chinangwa ndi nandolo. Ndani winanso anatiganizirapo chotero?"

Peterson anasuzumira m'kasupe. Madzi anali mbee, timiyala tapansi tikuoneka.

"Lero ndi oyera," anatero.

"Ndi dzulo lomwe. Ndinabwera kutangocha, mvula ikugwa ngati kumwamba kwabooka, ndikuti ndikatunge matope omwewo ndikawadikhitse. Ndinapeza ali chonchi. Ndinayamba ndaima, kuganiza kuti mwina ndasokera kasupe."

"Sanafiirepo ngakhale pang'ono? Pansipa panalibe matope atsopano?"

"Ndatunga pano zaka zisanu, bambo. Matope akadutsa usiku ndimawaona pa udzu uwu. Panalibe."

Peterson anakhala pamwala. Ngalande yotsekeka ndi zinyalala imayamba yayenda, madzi ofiira n'kutsika, kenaka ndi pamene imatsekeka. Ngati kasupe sanalawe matope ngakhale dontho, ndiye kuti ngalande inatsekedwa mvula isanayambe.

"Amuna anu ndi a Jonas?" anafunsa.

Nkhope ya Teleza inauma. "Anali. Analephera kumaliza mgwazo wake wa miyala masiku awiri, a Mlanga anamukwapula ndi chikoti, namuuza kuti atsalire yekha m'nkhuti yakale mpaka amalize. Sanabwere kunyumba. M'mawa a Mlanga analengeza kuti wathawa, amuona akulowera ku Mulanje. Anandisiya ndi ana awiri, wachitatu ali m'mimba. Ngakhale kutsanzika. Mukakamuona kwanu ku Bomako mumuuze kuti mphasa yake ndinakolezera moto."

Anasenza mtsuko nakwera njira, msana uli chilili.

Pakamwa pa ngalande panali nsenjere zogwetsedwa, zooneka ngati zakokoloka ndi madzi. Peterson anazikoka, zinangobwera zonse pamodzi, chifukwa zinali zodula ndi chikwanje. Pansi pake panali masaka awiri odzaza miyala, ndipo kuseri kwa masakawo kunali zibuma za udzu zodulidwa mbali zinayi, zosanjidwa ngati njerwa ndi kupondedwa bwino. Madzi sasanja zibuma. Anayesa kunyamula saka limodzi, linamukanika mpaka anachita kulikoka.

Kuchokera pamenepo zikhomo zansungwi zinandandalika kutsika phiri, kusonyeza mmene mudzadutse ngalande yatsopano. Anazitsatira. Zinamufikitsa pakati pa dimba la mpiru ndi nzimbe, chikhomo china chili pamwamba penipeni pa mzere wa maungu. Pamphepete pa dimbalo panakhala mkulu waimvi, mwendo umodzi atautambasula, bondo lotupa ngati dzungu lomwelo.

"Ndimakudikirani, inu a Boma," anatero mkuluyo. "Ndine Elson Thomu. Munthu akafa pa esiteti, amayamba kuloza ife amene sitili m'buku la mzungu."

"Munakangana ndi Lackson."

"Tinakangana. Dimba ili analima agogo anga tiyi asanamere m'dziko lino. Munda wakumtunda anatenga, nkhalango anatenga, chatsala ndi kachidutswa aka. Ndiye ndidzuke m'mawa ndipeze zikhomo pakati pa mpiru wanga? Ndinamutukwana, sindikana. Ndinamutchula ndi mawu amene sindingawabwereze lero ali gone pamphasa."

"Loweruka madzulo munali kuti?"

"Pompano. Bondo ili lindilola kuchoka pakhomo kufika pano, basi, ndi ndodo." Elson anatafuna nzimbe, nalavula. "Koma funsani za Lachisanu. Mwana uja anabwera yekha, nakhala pomwe mwaimapo. Amati, bambo, ndaganiza usiku wonse, madzi ali ndi njira ina. Tikapatutsa ngalande pa mkuyu uwo, idzadutsa m'nkhuti yakale imene anakwirira chaka chatha. Malo aja ndi ogona, palibe amalimapo, ndipo dothi lake ndi lofewa, anthu sadzavutika kukumba. Tinayenda limodzi, ine ndikutsimphina, iye akukhoma zikhomo. Ndinamupatsa nzimbe ziwiri. Munthu wondichotsera ngalande m'dimba ndimuphe chifukwa chiyani?"

"Koma zikhomo zili m'dimba mwanu."

"Ndi zimene ndikufuna mundiuze. Loweruka masana munalibe. Dzulo mvula itakata ndazipeza zabwerera." Analoza ndi ndodo. "Wozula zikhomo anaiwala chinthu chimodzi. Lackson sankakhoma chikhomo asanatchetche udzu. Udzu sungabwezeredwe."

Peterson anatembenuka. Kuchokera pamkuyu, kanjira kotchetchedwa bwino, kotambalala ngati mphasa, kankalowera kumanzere m'thengo, kopanda chikhomo ngakhale chimodzi.

"Ndani wina ankadziwa kuti njira yasintha?"

"Aliyense wodutsa pamsewu wa ngolo Loweruka masana akanaziona. Zinali zoyera, zongosenga kumene."

Kanjirako kanathera pamalo athyathyathya, omera chisoso ndi udzu wofooka. Kumtunda kwake kunali khoma lofiira, logumuka mbali imodzi. Imeneyi ndiyo inali nkhuti yakale. Peterson anapeza maenje oyesera atatu, onse osakwirira, odzaza madzi. Dzenje lachinayi, m'tsinde mwa khoma logumukalo, linali lokwiriridwa, pamwamba atamwazapo udzu. Koma mvula inali itachita zake: dothi linatitimira, n'kusiya chizindikiro chozungulira ngati lichero.

Anabwerera ku malayini naitana amuna anayi ndi makasu. Sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Pamene ankafika pamalopo, anthu ena anali akutsatira patali, ndipo Anderson anatulukira akupuma mofulumira.

"A Kopolo, apa ndi pa esiteti. Pulani ya ngalande ili ku ofesi, ndipo sidutsa pano. Bwana sanalole kuti pakumbidwe."

"Sitikukumba ngalande," Peterson anatero. "Kumbani, abambo."

Amuna aja anayang'ana Anderson, nayang'ana Peterson. Palibe anasuntha. Peterson analanda khasu kwa mmodzi, nagwetsa yekha kasanu. Kenaka wamkulu mwa iwo, bambo wa mano osema, analavulira m'manja nayamba kukumba, anzake n'kutsatira.

Dothi linali lofewa. Atafika m'mawondo, khasu linagunda chitsulo. Inali fosholo, ndipo pamsana pake panali patakanirira tsitsi.

"Ya a Lackson," anatero bambo wa mano osema. "Mpini anasema okha."

"Ndiye kuti Elson anaibisa pano," Anderson anafulumira kunena. "Ndinakuuzani za mkulu ameneyo."

"Elson sangakweze saka la miyala, ndi bondo lija," Peterson anatero. "Pitirizani, koma tsopano ndi manja."

Atafika m'chiuno, mmodzi wa okumbawo anadumphira kunja, nakaima patali akupukuta manja pa kabudula. Peterson anatsikiramo. M'dothi lofiira munali nthiti, ndi nsanza za chiguduli chimene antchito ankavala pokumba. Chapafupi panali mutu wa piki. Anapalasa pang'onopang'ono ndi zala mpaka anatola kanyanga ka fodya wa mphuno, kokulungidwa mikanda yoyera ndi yabuluu. Anakaika m'thumba la malaya natuluka.

Anthu anali atazungulira tsopano. Kumtunda, pakhonde la nyumba ya malata, munthu wa chipewa choyera anaima akuyang'ana, koma sanatsike.

"A Mlanga," Peterson anatero, "munati mwabwera dzulo masana, njira ya pa ulalo."

"Ndinatero."

"Ulalo unali bwanji?"

Anderson anazengereza. "Woterera. Koma ndinawoloka."

"Ine sindinachokere ku Boma. Ndachokera ku Luchenza m'mawa uno. Ulalo unapita Loweruka mvula itangoyamba, ndipo woyamba kuwoloka mtsinje uja chichokereni ulalo ndine, madzi ali m'khwapa. Ngolo yanu ikadali tsidya. Woyendetsa wake ndikamufunsa kuti munatsikira pati, ndipo sindikhulupirira kuti akanena Luchenza."



"Munaona zikhomo Loweruka masana mukudutsa pamsewu," Peterson anapitiriza, mawu ake osakwera. "Munadziwa chimene chili pansi pano, chifukwa ndinu munalamula kuti pakwiriridwe m'mawa umene munalengeza kuti Jonas wathawa. Munatsika m'ngolo panjira, n'kubwerera. Lackson munamupeza akukwirira dzenje, munamumenya kunkhongo ndi fosholo yake yomwe. Munamukokera m'nkhuti yatsopano, koma madzi a m'mawondo samiza munthu wamkulu, ndiye munatseka ngalande kuti mvula ikumalizireni ntchito. Zikhomo munazibwezera m'dimba kuti ngalande isadzadutsenso pano, ndi kuti maso onse apite kwa Elson. Tulutsani manja m'matumba."

Anderson sanasunthe. Bambo wa mano osema anaponya khasu pansi nasendera, anzake atatu pambuyo pake. Pamenepo Anderson anatulutsa manja yekha. Zikhatho zake, zimene kwa zaka khumi sizinagwire chinthu cholemera kuposa chikoti, zinali matuza okhaokha, ena ophulika, ofiira.

Peterson anamuveka unyolo.

"Jonas sindinamuphe ine," Anderson anatero, mawu atasanduka aang'ono. "Khoma linamugwera. Ndinamuuza kuti akumbe m'tsinde, miyala yabwino inali mmenemo. Nditabwera kudzaona mgwazo, ndinapeza khoma lili pansi, phazi lokha likuoneka. Ndinapita kukanena."

"Kwa yani?"

Anderson anatembenuzira maso kumtunda, ku khonde lija. Panalibenso munthu.

"Anati msewu uyenera kutha mvula isanakule, ndipo safuna apolisi pa esiteti. Anati ndione chochita. Lembani zimenezonso, a Kopolo. Kapena inki yathera pamenepa?"

Peterson anatulutsa kabuku nalemba mawu onse monga anawamvera, anthu akuona. Ankadziwa kuti tsamba limenelo likafika ku Boma lidzadutsa m'manja ambiri, ndipo sankadziwa ngati lidzafike kwa woweruza. Anang'amba tsamba lina, nalembanso mawu omwewo kachiwiri, nalipinda n'kuliika m'chisoti.

Anasiya Anderson m'manja mwa amuna anayi aja, atawachenjeza kuti akangomukhudza ndi chala chimodzi nawonso apita ku Boma. Kenaka anayang'ana m'gulu la anthu. Teleza anali kumbuyo kwenikweni, khanda kumsana. Anthu anapatuka okha, namusiyira njira, koma iye sanasunthe. Peterson ndiye anapita.

"Mayi, ndili ndi kanthu koti muone. Mukhoza kukhala pansi."

"Ndiona chiimire."

Anatulutsa kanyanga kaja, nakapukuta ndi chala. Teleza sanakalandire msanga. Anakayang'ana kali m'dzanja la Peterson, milomo ikuyenda ngati akuwerenga.

"Yoyera isanu, yabuluu iwiri," anatero. "Yabuluu inandithera. Ndinkati ndidzawonjezera tikadzapita ku sitolo."

Anakatenga, nakafumbata. Anayenda mpaka m'mphepete mwa dzenje, nasuzumira nthawi yaitali. Sanalire. Amayi ena anayamba kusisima kumbuyo, iye anakweza dzanja, naleka.

"Sanathawe," anatero, osayang'ana munthu.

"Sanathawe, mayi."

"Ndamutukwana chaka chathunthu. Ana ndinawauza kuti bambo wanu ndi munthu wopanda mtima, musamutchulenso pakhomo pano. Uyu ali kumsanayu ndinakana kumupatsa dzina la kwawo." Anatembenukira kwa Peterson. "Mumutulutsa liti?"

"Dokotala wa Boma ayenera kuona kaye mmene wagonera. Mawa, kapena mkuja ngati msewu uli woipa. Ndiika anthu awiri alondere."

"Musavutitse anthu."

Teleza anamasula nsalu, natsitsa khanda kumsana, nakhala pansi pa dothi lonyowalo, miyendo atatambasula monga akhalira amayi pamaliro. Anaika mwanayo pamiyendo, nkhope italoza kudzenje. Patapita kanthawi Esnat anatulukira m'gulu muja, maso ali otupa, atasiya maliro a mwamuna wake m'manja mwa ena. Anayala chitenje chake pambali pa Teleza nakhala, phewa kukhudza phewa.

Peterson anavala chisoti, nagwira unyolo wa Anderson. Ku Boma kunali mtunda wa maola anayi, ndipo dzuwa linali litayamba kupendeka. Atayenda mapazi angapo anamva mawu a Teleza kumbuyo, otsika, osanjenjemera, akulankhula ndi khanda lija.

"Ona, mwanawe. Abambo ako ndi awa."